Matenda a shuga a mtundu wachiwiri: mafunso ndi mayankho pa kuyezetsa, kadyedwe ndi mankhwala

Milingo ya mankhwala imene tatchula muno ndi imene madokotala amayambira nayo kawirikawiri. Mlingo wanu weniweni akuuzani ndi amene akukuonani kuchipatala, atayeza impso zanu ndi kudziwa mankhwala ena amene mukumwa.

Kodi m'thupi mumachitika chiyani kwenikweni?

Chakudya chilichonse cha ufa kapena chotsekemera chikagayidwa chimasanduka shuga wa m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu n'kukhala mphamvu pamafunika insulini, imene imachokera ku kapamba. M'matenda a mtundu wachiwiri mavuto amakhala awiri: minofu ndi chiwindi sizimveranso insulini bwinobwino, ndipo kapamba, atalimbikira kwa zaka kupanga yochuluka, amayamba kufooka. Chiwindi nacho chimangotulutsabe shuga usiku wonse. N'chifukwa chake munthu akhoza kugona osadya koma n'kudzuka shuga ali pamwamba. Mwa odwala shuga 100 alionse, oposa 90 ali ndi mtundu umenewu. Mtundu woyamba ndi nkhani ina: kapamba amasiyiratu kupanga insulini, ndipo wodwala sangakhale ndi moyo popanda jakisoni.

Ine sindikumva kupweteka paliponse. Ndingakhale bwanji ndi shuga?

Ambiri amakhala naye zaka asakudziwa. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku zimayamba pamene impso zayamba kutayira shuga mumkodzo, ndipo zimenezi zimachitika shuga akapitirira pafupifupi 10 mmol/L (muyeso wa shuga m'magazi). Munthu akhoza kukhala pa 8 kapena 9 kwa nthawi yaitali ali phee, maso ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete. Zizindikiro zina ndi kutopa, kuonda popanda chifukwa, kuona mwachimbuuzi, zilonda zochedwa kupola, kuyabwa kumalo obisika, dzanzi kumapazi, ndi kuchepa mphamvu kuchipinda kwa abambo.

Choncho musadikire zizindikiro. Bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti aliyense ayambe kuyezetsa pa zaka 35. Yambani msanga ngati ndinu onenepa ndipo kholo kapena m'bale wanu ali ndi shuga, ngati muli ndi BP, kapena ngati shuga anakwerapo muli oyembekezera.

Amayeza bwanji, ndipo nambala iti ndi imene imasonyeza matenda?

Njira zodalirika ndi zinayi, zonse za magazi. Yofala ndi ya m'mawa: mumakhala maola 8 kapena kuposerapo osadya, madzi okha, ndipo shuga akapezeka pa 7.0 mmol/L kapena kupitirira, ndiye kuti matenda alipo. Pa njira yachiwiri amakumwetsani madzi osungunulamo magalamu 75 a shuga, mumakhala pansi maola awiri, n'kukuyezaninso. Malire ake ndi 11.1. Yachitatu ndi HbA1c, yoonetsa shuga wa miyezi ingapo yapitayo, malire ake 6.5 peresenti, amene ena amalemba 48 mmol/mol. Yachinayi ndi ya nthawi iliyonse, mwadya kapena simunadye: 11.1 kapena kuposa, munthu ali ndi zizindikiro zoonekeratu.

Ngati mulibe zizindikiro, kuyeza kamodzi sikokwanira. Abwereze tsiku lina. Munthu akadwala kwambiri, kapena akamamwa mankhwala ngati prednisolone, shuga amakwera kwa kanthawi, choncho ayezedwenso akachira. Mkodzo sagwiritsira ntchito potsimikizira matenda, chifukwa umabisa shuga yense amene sanafike pa 10.

Chenjerani ndi miyeso. Makina ena amalemba mg/dL m'malo mwa mmol/L. Gawani ndi 18: 126 ndi 7.0, 200 ndi 11.1. Ambiri amachita mantha pachabe akaona 110, pamene ndi 6.1 chabe.

HbA1c imasiyana bwanji ndi kubaya chala?

Kubaya chala kumakuuzani za mphindi yomweyo. HbA1c imayeza shuga amene wamatira m'maselo ofiira a magazi, ndipo popeza maselowa amakhala pafupifupi masiku 120, imasonyeza mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kudzimana chakudya masiku awiri musanapite kuchipatala sikungaipusitse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaivomereza kukhala njira yopezera matenda mu 2011. Koma chilichonse chosintha moyo wa maselo ofiira chimaisokoneza: kuchepa magazi, matenda a sickle cell, kutaya kapena kuikidwa magazi posachedwa, kukhala ndi pakati, ndi impso zodwala kwambiri. Zikatero adalire muyeso wa m'mawa.

Andiuza kuti shuga ali m'malire. Ndichite chiyani?

Apa ndi pamene wa m'mawa ali pakati pa 6.1 ndi 6.9 malinga ndi WHO. Ku America amayambira pa 5.6. Ndi nthawi imene khama limapindulitsa kwambiri. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 otere. Gulu limene linaphunzitsidwa kuchepetsa 7 peresenti ya kulemera kwa thupi ndi kuchita masewera mphindi 150 pa sabata linachepetsa chiopsezo cha matenda ndi 58 peresenti. Gulu limene linkamwa mapiritsi a shuga a metformin linachepetsa ndi 31 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, 7 peresenti ndi pafupifupi makilogalamu 6 okha. Muziyezetsanso chaka chilichonse.

Ndikayamba chithandizo, shuga azikhala pa bwanji?

Kwa akuluakulu ambiri, HbA1c pansi pa 7 peresenti, wa m'mawa pakati pa 4.4 ndi 7.2, ndipo maola awiri mutadya pansi pa 10. Kwa okalamba, ofooka, kapena amene shuga amawatsikira pafupipafupi, dokotala akhoza kulola mpaka 8 peresenti, chifukwa kwa iwo kugwa ndi chizungulire n'koopsa kuposa nambala yokwererapo pang'ono. HbA1c muyezetse miyezi itatu iliyonse pamene mankhwala akusinthidwa, zikakhazikika kawiri pachaka.

Ndasiya shuga mu tiyi, koma nambala sizikutsika. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri vuto lili pa sitalichi. Mpunga, buledi, mbatata ndi zonse za ufa zimasanduka shuga ngakhale sizitsekemera pakamwa, ndipo mbale yodzaza nazo ili ndi shuga wochuluka kuposa amene munachotsa mu tiyi. Sitikunena kuti muzisiye. Chofunika ndi kuchuluka kwake ndi mtundu wake.

Njira yosavuta ndi kugawa mbale ndi maso. Theka likhale ndiwo zamasamba. Theka linalo ligaweni pawiri: mbali imodzi nsomba, nyama, mazira kapena nyemba, mbali inayo sitalichi, wosaposa chibakera chanu. Sankhani ufa wosachotsa gaga, chifukwa umagayidwa pang'onopang'ono ndipo shuga sakwera nthawi imodzi. Komabe ufa wa gaga ukachuluka umakwezanso shuga. Anthu ambiri amapusitsika pamenepa, amasintha mtundu n'kuwonjezera mulu.

Zakumwa zotsekemera ndiye zosiyiratu. Botolo la mamililita 330 limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, kuyandikira masupuni aang'ono 9, ndipo amalowa m'magazi mwachangu popanda kukhutitsa. Juwisi wa zipatso, ngakhale wofinya nokha, amachita chimodzimodzi. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya zogula. Zokazinga zichepe, chifukwa mafuta ndi amene amanenepetsa msanga.

Kudya kamodzi patsiku n'kudzadzitsa mimba madzulo si nzeru. Shuga amatsika masana n'kukwera kwambiri usiku, ndipo kwa amene akumwa mapiritsi a shuga a gliclazide kapena kubaya insulini kudumpha chakudya n'koopsa.

Nanga zipatso, uchi ndi mowa?

Chipatso chathunthu idyani, chimodzi chapakati nthawi imodzi. Uchi ndi shuga wabulawuni n'chimodzimodzi ndi shuga woyera. Mowa uli ndi msampha wake: chiwindi chikatanganidwa nawo chimasiya kutulutsa shuga, ndiye wa insulini kapena gliclazide akhoza kukomoka usiku kapena m'mawa mwake, anthu n'kumaganiza kuti waledzera. Musamwe musanadye. Fodya ndiye musiyiretu, chifukwa akugunda mitsempha yomweyo imene shuga akuwononga.

Masewera olimbitsa thupi akhale otani?

Mphindi 150 pa sabata, mwachitsanzo mphindi 30 masiku asanu, kuyenda mwandawala koti mukhoza kulankhula koma osatha kuimba. Musadutse masiku awiri otsatizana osachita, chifukwa kumvera insulini kumene minofu imapeza kumazirala pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Onjezani zolimbitsa minofu kawiri kapena katatu pa sabata, monga kunyamula zolemera kapena kukhala n'kudzuka pampando kambirimbiri. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 mutangodya kumachepetsa kukwera kwa shuga wa chakudyacho. Ngati ntchito yanu ndi yokhala pansi, muziimirira mphindi 30 zilizonse. Amene ali ndi vuto la mtima, magazi kuchucha m'maso kapena chilonda kuphazi ayambe afunsa dokotala.

Kodi matendawa amatha?

Amagona, koma satheratu. Madokotala amati agona ngati HbA1c ili pansi pa 6.5 peresenti patatha miyezi itatu munthu atasiya mankhwala a shuga. Kafukufuku wa DiRECT ku Britain, wofalitsidwa mu 2017, anapatsa odwala amene anali ndi shuga zaka zosaposa 6 chakudya chochepa kwambiri kwa miyezi itatu mpaka isanu, moyang'aniridwa. Patatha chaka, 46 peresenti matenda anali atagona. Mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 peresenti. Patatha zaka ziwiri, mwa gulu lonse anatsala 36 peresenti. Thupi likabwerera, shuga amabwereranso. Musayese kudzimana kotere muli pa mankhwala popanda dokotala kuchepetsa milingo.

Mankhwala a zitsamba ndi ufa wogulitsidwa ngati "wothetseratu shuga" alibe umboni wotere. Choopsa chake chachikulu n'chakuti munthu amasiya mapiritsi, n'kubwera patapita miyezi impso zitawonongeka.

N'chifukwa chiyani pafupifupi aliyense amayambira metformin?

Ndi mankhwala akale, amene dokotala Jean Sterne anayamba kuchizira nawo odwala ku France mu 1957, ndipo khalidwe lake ndi lodziwika bwino. Amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wochuluka, sanenepetsa, ndipo paokha satsitsa shuga mopitirira. Kafukufuku wa UKPDS wa mu 1998 anaonetsa kuti amachepetsa imfa ndi matenda a mtima mwa odwala onenepa.

Kayambidwe kake ndi kamene kamapangitsa munthu kupitiriza kapena kusiya. Yambani ndi mamiligalamu 500 kamodzi patsiku, pakati pa chakudya kapena mutangodya. Pakatha sabata onjezani 500, mpaka mufike pa mlingo umene mwauzidwa, kawirikawiri 1,000 kawiri patsiku. Kutsegula m'mimba, nseru ndi kukoma kwa chitsulo m'kamwa zimabwera mukamwa ndi njala kapena mukayamba ndi mlingo waukulu, ndipo kwa ambiri zimatha m'masabata ochepa. Zikapitirira, bwererani pa mlingo umene munkaupirira, kapena pemphani mtundu wosungunuka pang'onopang'ono. Umenewo osauphwanya kapena kuutafuna.

Metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso, choncho nambala ya eGFR, yosonyeza mmene impso zikusefera, iyezedwe musanayambe komanso chaka chilichonse. Ikatsika pansi pa 45 mlingo umachepetsedwa, pansi pa 30 amasiyidwa. Mukamwa kwa zaka, vitamini B12 akhoza kuchepa n'kubweretsa dzanzi lofanana ndi la shuga, uyezetseni. Mukaiwala piritsi, imwani lotsatira pa nthawi yake, osaphatikiza awiri.

Dokotala wawonjezera mankhwala ena. Kodi ndalephera?

Ayi. Kapamba amafookerabe ndi zaka ngakhale mwa munthu wosamala, ndipo ambiri amafika pofuna mankhwala awiri kapena atatu. Cholakwika ndi kukhala chaka chathunthu HbA1c ili pamwamba osasintha kanthu.

Gliclazide, glimepiride ndi glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya mwadya kaya simunadye. Amagwira msanga, koma amatha kutsitsa shuga mopitirira ndi kunenepetsa pang'ono. Imwani nthawi ya chakudya, ndipo mukamwa mudye. Gliclazide amayambira pa mamiligalamu 40 mpaka 80. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, choncho kwa okalamba ndi odwala impso si wabwino.

Empagliflozin ndi dapagliflozin, amene amayambira pa mamiligalamu 10 kamodzi patsiku, amatayitsa shuga mumkodzo. Phindu lawo lalikulu lili pa mtima wofooka ndi impso, moti odwala otere amapatsidwa ngakhale shuga ali bwino. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2021. Mkodzo wa shuga umabweretsa kuyabwa kumalo obisika, choncho ukhondo ndi madzi akumwa n'zofunika. Amasiyidwa masiku atatu opaleshoni isanachitike, chifukwa akhoza kuunjika asidi m'magazi ngakhale makina akuonetsa shuga wabwino.

Semaglutide, wobaya kamodzi pa sabata, ndi liraglutide, wa tsiku ndi tsiku, si insulini. Amachepetsa njala ndi kuchedwetsa chakudya m'mimba, motero amaondetsa komanso amateteza mtima. Nseru imachepa mukakwera mlingo pang'onopang'ono ndi kudya zochepa. Sitagliptin ndi wofatsa, wopanda zovuta zambiri, koma mphamvu yake ndi yochepa. Pioglitazone amasunga madzi m'thupi, sayenera wa mtima wofooka.

Kodi insulini ndi ya anthu amene atsala pang'ono kufa?

Maganizo amenewa amabwera chifukwa ambiri amaiyamba mochedwa, thupi litawonongeka kale. Imafunika HbA1c ikapitirira 10 peresenti, shuga akafika 16.7 kapena kuposa, munthu akamaonda ndi kukodza kwambiri, kapena mapiritsi akalephera. Ena amaibaya kwa masabata ochepa n'kubwerera ku mapiritsi.

Poyambira pofala ndi mayunitsi 10 kamodzi patsiku, kapena 0.1 mpaka 0.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, n'kumawonjezera 2 pa masiku atatu alionse mpaka wa m'mawa afike pofunika. Metformin amapitirira. Zambiri zimene zimalakwika ndi za m'manja. Insulini ya mtambo, ya NPH, iyenera kugubuduzidwa m'manja mpaka isakanikirane, osati kukhutchumula. Sirinji igwirizane ndi botolo: ya U-100 pa insulini ya U-100, apo ayi mlingo ulakwika. Ngati mukubayira chipangizo chonga cholembera, tayani kaye mayunitsi 2 kuti muone kuti ikutuluka, ndipo mukabaya werengani mpaka 10 musanazule. Bayani pamimba kapena pantchafu, mukusuntha malo ndi chala chimodzi nthawi iliyonse. Malo obayidwa kawirikawiri amatupa chotupa cholimba chosapweteka. Anthu amachikonda pachifukwa chomwecho, koma insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika.

Yosatsegula isungidwe mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8. Imene mukugwiritsa ntchito imakhala pafupifupi masiku 28 pamalo ozizira opanda dzuwa. Ikaundana, itayeni.

Shuga akatsika mwadzidzidzi, tichite chiyani?

Pansi pa 3.9 mmol/L ndi potsika. Munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa, mtima kugunda, kenako kusokonezeka kapena kupsa mtima popanda chifukwa. Ngati akutha kumeza, mpatseni magalamu 15 a shuga wolowa msanga: masupuni aang'ono 3 kapena 4 m'madzi, kapena mamililita 150 a chakumwa chotsekemera wamba. Chokoleti chimachedwa chifukwa cha mafuta. Dikirani mphindi 15, yezaninso, bwerezani ngati akadali pansi, ndipo akakwera adye chakudya cha sitalichi. Ngati palibe makina, mpatseni basi osadikira.

Akakomoka, osamuthira kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni cham'mbali, mubayeni glucagon, jakisoni wokweza shuga, ngati alipo, n'kuthamangira naye kuchipatala. Wa glibenclamide kapena gliclazide aonedwe ndi dokotala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa shuga akhoza kutsikanso kwa tsiku lonse.

Ndikadwala matenda ena, ndisiye mankhwala?

Insulini osaisiyiratu, ngakhale simukudya, pakuti matenda amakweza shuga. Funsani za mlingo. Koma mukamasanza kapena kutsegula m'mimba moti madzi sakukhala m'thupi, imitsani metformin, empagliflozin kapena dapagliflozin, mapiritsi okodzetsa, ndi a BP ngati enalapril kapena losartan, kuti muteteze impso. Ayambireninso mutadya ndi kumwa bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Yezani shuga maola anayi alionse, muzimwa madzi pang'onopang'ono. Kusinza, kusokonezeka, kupuma mofulumira, kusanza kosaleka kapena makina olemba HI (kutanthauza shuga wokwera kwambiri) ndi zopita nazo kuchipatala nthawi yomweyo.

Makina a kunyumba akupereka nambala zodabwitsa. Vuto n'chiyani?

Yambani ndi zala. Chala chimene chagwira chipatso chimakweza nambala, chonyowa chimaitsitsa. Sambani ndi sopo n'kuumitsa. Bayani m'mbali mwa nsonga, osafinya mwamphamvu. Timapepala toyezera timawonongeka ndi chinyezi ndi kutentha, choncho tsekani kabotolo nthawi yomweyo ndi kuona tsiku lothera ntchito. Kusiyana pang'ono pa miyeso iwiri yotsatizana si vuto.

Ndikufuna kutenga pakati. Chisinthe n'chiyani?

Onanani ndi dokotala musanatenge. HbA1c ikhale pansi pa 6.5 peresenti ngati n'kotheka, muyambe vitamini ya folic acid, ndipo atorvastatin (wa mafuta m'magazi), enalapril, losartan ndi mankhwala ambiri a shuga kupatula metformin ndi insulini amasinthidwa.

Shuga wanga ali bwino. N'chifukwa chiyani akundipatsa mankhwala a BP ndi a mafuta m'magazi, n'kumandivula nsapato?

Chimene chimapha odwala shuga ambiri ndi mtima ndi sitiroko. BP ikhale pansi pa 130/80 kwa ambiri, ndipo azaka 40 mpaka 75 amalangizidwa kumwa mankhwala ngati atorvastatin ngakhale kolesitolo isanakwere kwambiri. Mkodzo uyezedwe albumin, puloteni wodontha mu impso zowonongeka, chaka chilichonse. Akafika 3 mg/mmol kapena kuposa pa miyeso yobwereza, impso zayamba kudontha, ndipo enalapril kapena losartan amachedwetsa kuwonongekako. Maso aonedwe mkati mwake mukangopezeka ndi matenda, osadikira kuti muyambe kuona movutikira, kenako pa chaka chimodzi kapena ziwiri zilizonse. Magalasi atsopano musagule shuga asanakhazikike, chifukwa kaonedwe kamasintha shuga akamatsika.

Mapazi amawayeza ndi kaulusi kolimba kokankha ndi mphamvu ya magalamu 10; ngati simukukamva, mitsempha yafa dzanzi, ndipo msomali kapena mwala mu nsapato sizidzakupwetekani. Madzulo alionse onani kuphazi ndi pakati pa zala, ndi galasi ngati simutha kuwerama. Pisani dzanja mu nsapato musanavale, musayende opanda nsapato, madzi osamba ayeseni ndi chigongono, ndipo musayandikize mapazi kumoto. Zikhadabo dulani mowongoka, zikang'a musamazisepe ndi lezala. Tuza, mng'alu, kufiira, kutentha kapena kutupa kwa phazi limodzi zionedwe ndi achipatala mkati mwa maola 24, ngakhale sizikupweteka, ndipo phazilo musaliponde mpaka aliona.